Kamphepo Ajambula Manja a Bambo

Kunali kamtsikana kena kosakhala pansi. Onse ankakatcha Kamphepo. Ukamuona pakhomo, wafika kale kumsewu.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna anzake aone ntchito ya bambo ake. Bambo ake ankasoka nsapato.

Tsiku lina aphunzitsi anapereka ntchito.

"Aliyense ajambule kanema wamfupi," anatero. "Mutionetse munthu ali pa ntchito."

Kamphepo anabwereka foni ya achemwali ake. Anathamangira ku kashopu ka bambo.

"Bambo, ndikufuna ndikujambuleni!"

"Ine?" anatero bambo. "Dikira kaye."

Bambo anasamba m'manja. Anavala jekete. Anabisa nyundo. Anabisa singano. Anabisa ndi nsapato zomwe. Kenako anaima pazenera, njo! Manja anawaika kumbuyo.

Kamphepo anayamba kujambula. Anathamangira uku. Anathamangira uko. Pakamwa napo, kulongolola kokhakokha.

Lolemba, kalasi yonse inaonera kanemayo. Chithunzi chinkagwedera, gwede gwede. Nkhope ya bambo inali bii.

"Tiyeni tikambirane," anatero aphunzitsi. "Mwaona chiyani?"

"Denga!" anatero wina.

"Ine ndachita chizungulire," anatero wina.

"Mwamva chiyani?"

"Mawu a Kamphepo!"

"Nanga munthuyu amagwira ntchito yanji?"

Mnyamata wa kutsogolo anakweza dzanja.

"Ndi alonda!" anatero.

Kalasi yonse inaseka. Kamphepo sanaseke. Mtima unamuwawa kwambiri. Misozi inalengeza m'maso.

"Bambo anga amasoka nsapato," ananena motsitsa mawu.

Aphunzitsi anabwera pafupi naye.

"Iwe bambo ako umawadziwa," anatero. "Ife sitikuwadziwa. Tionetse zimene iwe umaona."

Kenako anafunsa kalasi. "Mnzathuyu timuthandize bwanji?"

"Foni isamagwedere," anatero wina.

"Zenera likhale kumbuyo kwa Kamphepo," anatero wina. "Nkhope ioneke."

"Ayandikire pafupi."

"Akhalenso chete," anatero mnyamata uja. "Ngati angathe."

Apa Kamphepo anamwetulira pang'ono.

"Uyesenso," anatero aphunzitsi. "Tidzaonera Lachisanu."

Pobwerera kunyumba, Kamphepo sanathamange. Ankaganiza. Kodi iye amaona chiyani ku kashopu? Amaona manja. Manja akuluakulu. Manja a guluu. Manja achangu.

Anatenga nsapato yake yakale. Inali itang'ambika kutsogolo. Anapita nayo ku kashopu.

"Bambo, nsapato yanga ikuyasamula."

Bambo anaseka.

"Yatopa ndi liwiro lako. Bwera nayo kuno."

"Ndijambule mukusoka?"

Bambo anayang'ana jekete pa msomali.

"Jekete ayi, bambo," anatero Kamphepo. "Ndikufuna manja anu."

"Manja akudawa?"

"Eya. Omwewo."

Bambo anapukusa mutu. Koma anakhala pa benchi.

Kamphepo anatsamiritsa foni pa chitini cha guluu. Foni sinagwedere. Zenera linali kumbuyo kwake. Kuwala kunagwera pa manja a bambo.

Singano inalowa. Singano inatuluka. Ulusi unakoka. Nyundo inalira, go! go! go!

Bambo anaiwala za foni. Anayamba kuimba mluzu.

Miyendo ya Kamphepo inkayabwa. Pakamwa pankayabwanso. Koma anakhala phee. Kamphepo kukhala phee! Ndikukuuzani, zimenezi zinali zisanachitikepo.

Lachisanu linafika. Aphunzitsi anaonetsa kanema watsopanoyo. Kalasi inali zii.

Kanema atatha, aphunzitsi anafunsa.

"Mwaona chiyani?"

"Manja!"

"Mwamva chiyani?"

"Nyundo ndi mluzu!"

"Munthuyu amagwira ntchito yanji?"

"Amasoka nsapato!" onse anakuwa.

"Mapeto wadula msanga," anatero aphunzitsi. "Ulendo wina uzidikira pang'ono. Koma wajambula bwino zedi."

Mnyamata wa kutsogolo anayang'ana phazi lake.

"Kamphepo," ananong'ona. "Yanganso yang'ambika. Angandisokere?"

"Angathe," anatero Kamphepo monyadira. "Bambo anga salephera."

Madzulo, banja lonse linakhala pakhonde. Amayi analipo. Achemwali anagwira foni n'kuyatsa kanema uja. Bambo anasendera pafupi.

Singano inalowa. Singano inatuluka. Bambo anayang'anitsitsa.

"Manja awa ndi anga?" anafunsa.

"Ndi anu, bambo."

"Zaka zonsezi ndimangoyang'ana nsapato. Manja anga sindinawaonepo chonchi."

"Ife timawaona tsiku ndi tsiku," anatero amayi. "Ndiwo amatidyetsa."

Bambo anatambasula manja awo. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamukumbatira nawo Kamphepo.

"Tabwerezanso, mwanangu," anatero.

Kamphepo anabwereza. Bambo anaonera katatu.