Mausi ya Mphezi

Lolemba m'mawa, Wamawaya anamva chiphokoso kuseri kwa khoma. Phu! Phu! Kenako mpando unagwa. Iye anali atawerama patebulo pake, akuwotcherera kawaya m'foni ya munthu, ndipo phokosolo linamugwedeza dzanja.

Anamenya khoma ndi chibakera.

"Achindevu! Chepetsani zimenezo, ena tili pa ntchito kuno!"

Kuseriko kunangoti zii. Wamawaya anapitiriza ntchito yake, akuganiza kuti amumvera.

Kuseri kwa khomalo kunali chipinda cha masewera a pakompyuta. Amuna akuluakulu, ena a ana awo kale, ankatha tsiku lonse mmenemo akuwomberana mfuti zabodza ndi kutukwanana zenizeni. Mwini wake anali Chindevu, mkulu wa ndevu zoyera ndi pakamwa polusa. Lolemba ankatsegula masana, choncho m'mawa umenewo anali yekha. Wamawaya ankakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu koyandikana nako, ndipo mwamuna wake ndiye anali mlonda wa mdadada wonse wa mashopuwo.

Dzuwa litakwera, anamva kukuwa. Mawuwo anawazindikira nthawi yomweyo. Anali a mwamuna wake.

Anathamanga. Chindevu anali gone pakati pa matebulo, mphuno itaphwanyika, mlomo utang'ambika, ndevu zija zitafiira. Pakhosi pake panali mzere wopyapyala, wakuda, wozungulira mpaka kunkhongo. Mlonda anali atagwada, atanyamula mutu wa Chindevu pamiyendo, yunifolomu yonse ili magazi okhaokha. Chitseko chakumbuyo chinali pululu.

"Mayi a ana, sakupuma!" anatero mlondayo. "Ndawapeza chonchi!"

Apolisi sanachedwe. Anatsogoleredwa ndi sajeni, mayi wamtali wosadziwa kuseka. Anayang'ana mtembo, anayang'ana mlonda, kenako anatembenukira khamu limene linadzaza pakhomo.

"Ndani anali pa chidani ndi malemuwa?"

Anthu akaona yunifolomu ya polisi, pakamwa pawo pamamasuka. Wogulitsa nsapato ndiye anayamba. Anati Loweruka lapitalo Chindevu anamenya mlondayo khofi pamaso pa anthu, pomunena kuti amagona pa ntchito, ndipo mlonda anayankha kuti, "Tsiku lina ndidzakupotola khosi." Ena anavomereza ndi mitu.

"Unali mkwiyo chabe, bwana," anatero mlonda.

"Kamera ya muno ili kuti?" anafunsa sajeni, akuloza mawaya olendewera pakona.

Wamawaya anaweramitsa mutu. Kamerayo inali pashelefu m'shopu mwake. Chindevu anaibweretsa kalekale kuti ikonzedwe, koma iye ankangoti mawa, mawa.

Apolisi anamutenga mwamuna wake atamumanga unyolo, iye akuona.

Lachitatu Wamawaya anapita kupolisi. Sajeni sanamubisire kanthu.

"Adokotala akuti anamenyedwa kumaso ndi kanthu kakang'ono koma kolimba, kenako anapotoledwa khosi ndi chingwe chopyapyala choluka. Chingwecho sitinachipeze. Amuna anu akukana, koma magazi ali pa iwo, ndipo mawu aja anawamva anthu ambiri. Lachisanu akaonekera kukhoti. Akachoka kumeneko ndi kundende, ndipo mlandu wakupha ulibe belo yachangu."

"Bambo aja ngakhale nkhuku amaopa kuzinga, bwana."

"Aliyense amanena choncho za mwamuna wake, mayi. Ine ndikufuna chinthu chogwirika."

Anabwerera kushopu mtima uli zii. Makasitomala anali atathawa. Amene ankabwera ankangofuna kuona nkhope ya mkazi wa chigawenga. Kunyumba ana ankafunsa za bambo awo, iye n'kumawanamiza kuti ali pa ulendo. Anali ndi mantha, ndipo ankadzida chifukwa cha kamera ija.

Lachinayi masana, pakhomo panaima Mphezi.

Aliyense mumdadadamo ankamudziwa. Anali katswiri wa timu ya Chindevu, munthu wa zaka zopitirira makumi atatu, wosakwatira, wosagwira ntchito ina iliyonse. Dzinalo anamupatsa chifukwa cha liwiro la chala chake. Ankayenda atavala magolovesi odula zala ngakhale kutenthe bwanji, ndipo anthu ankamupatsa njira ngati nduna. Loweruka lotsatira kunali mpikisano waukulu wa masewerawo, ndipo dzina lake linali pakamwa pa aliyense.

Anatulutsa mausi yake ya kompyuta m'kathumba kansalu n'kuiika patebulo mosamala, ngati akugoneka khanda. Wamawaya ankaidziwa bwino. Inali yakuda, ya mabatani ambiri m'mbali, ya chingwe choluka, ndipo m'kati mwake munali tizitsulo toilemeretsa. Ndi iye amene anaisinthira mabatani chaka chatha. Mphezi sankakhudza mausi ina. Ankati kusewera ndi ya wina kuli ngati kuthamanga ndi nsapato zobwereka.

"Mayi, kagudumu kakuuma," anatero. "Mungopoperamo mankhwala aja. Osatsegula."

"Ine sindikonza chinthu chimene sindinachione m'mimba, achimwene. Mumadziwa."

"Ndafulumira."

"Ndiye pitani nayo kwina."

Kwina kunalibe. Munthu wina aliyense akanaiwononga, ndipo mpikisano unali pakhomo. Mphezi anakhala pampando.

Wamawaya anaitembenuza mausiyo. Inkanunkha sipiriti. Zimenezi zinamudabwitsa, pakuti anthu a masewerawa satsuka kanthu. Mausi zawo zimabwera zili nyankhalala, thukuta ndi mafuta a zakudya zitaundana m'mphepete. Iyi inali mbee, ngati yochokera m'bokosi.

Analowetsa kampeni pansi pa timapazi tapulasitiki n'kutimatula pang'onopang'ono, chifukwa masikuluu amabisala pansi pa timeneto. Anawamasula limodzilimodzi n'kuwaika m'kambale.

"Timu mupita nayo bwanji popanda Achindevu?" anafunsa, maso ali pa ntchito.

"Timu ndine," anayankha Mphezi.

Anakanula chivindikiro. Chinakana pang'ono, ngati chamatidwa, kenako chinatseguka.

M'katimo munali nyansi. Zinthu zouma, zofiirira mwakuda, zinali zitamata kagudumu konse, zitayenderera pa kathabwa kobiriwira ka mawaya mpaka pa kadiso ka pansi. Kachitsulo kamodzi kanali katachoka m'malo mwake, ndipo pulasitiki yokagwira inali itasweka. Pamene chingwe chimalowera, ulusi wake unali utaduka ngati chinakokedwa ndi mphamvu zonse za munthu. Pa kamtengo kozungulira kagudumu panali patakulungika timaubweya titatu toyera, tolimba, topiringizika.

Wamawaya anazidziwa ndevu zimenezo. Anazionapo zitafiira.

Anabwezera chivindikiro mwachangu.

"Apa pafunika kagudumu kena," anatero. "Isiyeni, mudzaitenge mawa."

Koma Mphezi anali ataimirira kale. Anaona zonse. Iye anali atatsuka kunja kokha, osadziwa kuti chamadzi chilichonse chikagwera pa mausi chimalowa pansi pa mabatani n'kukhala momwemo.

Anapita pachitseko, anachitseka, n'kukoka loko.

"Bweretsani kuno."

Wamawaya anaphimba mausiyo ndi dzanja lamanja.

"Amuna anga ali m'chitokosi chifukwa cha iwe."

"Ndati bweretsani!"

Anamumenya chibakera pakamwa. Mutu unagunda shelefu, mafoni a anthu anagwa pansi wayawaya. Dzanja silinachoke. Mphezi anatola kahamala patebulo n'kumenya pa zala. Wamawaya anamva fupa likuti thyo, ululu unathamanga mpaka paphewa. Anakuwa. Kachiwiri hamala inatsika. Dzanja linali litasanduka nyama, koma anagonera mausiyo ndi chifuwa chonse.

Mphezi anasolola chingwe cha chaja pakhoma, anazungulira kumbuyo kwake, n'kuchikulunga pakhosi. Anakoka.

"Nkhalamba ija inati chala changa chachedwa," anatero, akupumira m'khutu mwake. "Inati Loweruka ndikhale pansi, asewere wina. Ine? Ine amene ndinaidzazira chipinda chija? Inkaseka, mayi. Inkandiseka!"

Mpweya unatha. Maso anayamba kuona mdima ndi timoto. Dzanja lamanzere la Wamawaya linkapapasa patebulo, linagwetsa kambale ka masikuluu, linagunda botolo, kenako linapeza chogwirira cha chitsulo chowotcherera mawaya. Chinali chikadali pamoto. Anachitembenuzira kumbuyo n'kuchikanikiza pamene anamva mpweya wa munthuyo.

Chinalowa patsaya. Kunamveka tswii, ndi fungo la nyama yopsa.

Mphezi anakuwa ngati nkhumba, anasiya chingwe, anagwa chagada pa mipando. Wamawaya anakokera mpweya, anaponya mausi ija m'kabati n'kutseka ndi bondo.

"Ndikufa kuno! Thandizeni!"

Wogulitsa nyama wa shopu yachitatu ndiye anathyola chitseko ndi phewa. Pambuyo pake panalowa telala, wogulitsa nsapato uja, ndi anthu ena amene anangotulukira. Ataona magazi ndi chingwe pakhosi pa mayiyo, sanafunse zambiri. Anamukokera Mphezi panja. Zibakera, mateche, thabwa la benchi, njerwa. Diso limodzi linatsekeka. Mano anagwera m'ngalande. Wina anafuula kuti abweretse tayala ndi petulo, ndipo amene ankafuula kwambiri anali wogulitsa nsapato yemwe uja.

Wamawaya anatuluka akudzandira, dzanja likuchucha. Anadzigwetsa pamwamba pa munthu amene ankafuna kumupha.

"Musamuphe! Chonde, musamuphe!"

"Mayi, mwapenga? Chokani apo!"

"Akafa uyu, amuna anga satuluka! Ndikufuna akalankhule ndi pakamwa pake!"

Teche lina linamupeza m'nthiti, koma sanasunthe. Anakhala chomwecho, atamukumbatira, mpaka galimoto ya polisi inafika.

Sajeni anabalalitsa khamulo ndi mawu awiri okha. Anamvetsera Wamawaya, kenako anamudzutsa Mphezi n'kumukhazika pakhonde.

"Mayiyu ndi wamisala, bwana," anatero Mphezi, akulavula magazi. "Ndinangobwera kudzafunsa za foni. Akufuna kundipachika mlandu wa mwamuna wake."

"Mausi akunenayo si yako?"

"Sindikuidziwa. M'shopu mwakemo muli mausi zambirimbiri."

Sajeni anatuma wapolisi mnzake kuti akaitenge m'kabati. Wapolisiyo, munthu wa manja ngati mafosholo, anatuluka ataigwira chingwe, ikulendewera, chivindikiro chili pambali. Podutsa pakhomo inagunda felemu. Kho!

Mphezi anadzambatuka, ululu wonse atauiwala.

"Iwe! Osaigwira chingwe! Uwononga kadiso, Loweruka ndisewera ndi chiyani?"

Khamu lonse linatembenukira kwa iye.

Sajeni anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavala magolovesi ake, analandira mausiyo, anayang'ana m'kati, n'kuiika m'thumba lapulasitiki.

"Vula magolovesi akowo."

Mphezi anakana. Anamuvula mokakamiza. M'zikhatho zonse ziwiri munali mizere yakuya, yoyamba kuuma, yofanana ndi mzere umene unali pakhosi pa Chindevu.

"Wamangidwa pa mlandu wakupha," anatero sajeni, "ndi wofuna kupha mayi awa."

Unyolo unalira. Anamuponya kumbuyo kwa galimoto, akulirabe za mpikisano wake.

Wamawaya anagona kuchipatala. Adokotala anamanga dzanjalo n'kumuuza mosazungulira kuti zala ziwiri zaphwanyika moipa, ndipo n'zokayikitsa ngati zidzapindikenso. Ntchito yake yonse inali m'zala zimenezo.

Lachisanu m'mawa anatuluka osadikira chilolezo, n'kulunjika kupolisi. Anakhala pabenchi mpaka masana. Mphezi anali ataulula zonse, ndipo magazi a m'mausi anali atatumizidwa kokayezedwa. Pomaliza chitseko chachitsulo chinatseguka. Mlonda anatuluka, ndevu zitamera, maso atalowa, atanyamula lamba ndi zingwe za nsapato m'manja.

Anaima. Anayang'ana mlomo wotupa wa mkazi wake, mzere wakuda pakhosi, ndi chibandeji chachikulu chimene chinali pamene pankakhala dzanja lodyetsa banja lonse.

"Mayi a ana," anatero. "Bwanji simunangomupatsa?"

"Ndikanamupatsa, bwenzi lero mukugona kundende."

Mlondayo anakhala pansi pomwepo, pa simenti ya polisi, n'kuyamba kulira ngati mwana. Wamawaya anagwada kuti amumangire zingwe za nsapato monga ankachitira ndi ana akamachedwa kusukulu. Anagwira chingwe ndi dzanja lamanzere, anayesa kubweretsa lamanja, ndipo anangokhala choncho, akuliyang'ana.

Mwamuna wake anapukuta misozi, anamanga yekha nsapato zake, n'kumudzutsa.