Mpendero wa Mapini

"Loweruka kanayi," anatero a Telala, akupalasa mashini ngati ndi amene awalakwira. "Tinapangana ngati anthu aakulu. Iye asokere diresi lake pa mashini anga, kenako andithandize mayunifolomu Loweruka kanayi. Diresi linatha kalekale, mwini wake sindikumuona."

Ankadandaulira wosoka nsapato amene ankakhala naye khonde limodzi la sitolo. Wangongoleyo anali mwana wawo yemwe, mtsikana wa ku sekondale amene anthu ankamutcha Mapepala chifukwa chojambula zovala pa pepala lililonse limene watola.

"Mwana wanu wakwera, mayi," anatero wansapato. "Si diresi lake lili ku chionetsero kudoko?"

"Akwera bwanji ndi ngongole yanga kumsana?"

Anafunditsa mashini nsalu, n'kunyamuka.

Kudoko, nyumba zakale zosungiramo katundu wa sitima anali atazipaka penti yoyera. M'chipinda choyamba munali chithunzi chachikulu ngati chitseko, koma chinali ndi mizere itatu yokha. "Penti inawathera," anatero a Telala, osaima. M'chipinda chachiwiri munali mipando yokongola imene munthu sankaloledwa kukhalira. Chachitatu ndiye chinali cha zovala, zitavekedwa zidole zopanda mitu.

Apa anafika kwawo. Anagwira jekete loyamba n'kulitembenuza kuti aone msoko.

"Mayi, muno sitigwira," anatero mlonda.

"Nanga mumadziwa bwanji kuti asoka bwino?"

"Timangoona."

"Chovala chimanama kunja, bambo. Zoona zimakhala mkati."

Diresi la Mapepala linali pafupi ndi windo loyang'ana kumadzi. Analisoka ndi zidutswa zotsala za mayunifolomu, zobiriwira ndi zotuwa, kolala yake itaima njo. A Telala anaziziwa zidutswazo chimodzichimodzi, ndipo anaima nthawi yaitali, mtima uli myaa. Mlonda atacheukira kwina, anapinda m'munsi mwa diresi. Chinachake chinawabaya chala. Mpendero wonse unali wosasoka, wongogwiriza ndi mapini.

"Amayi, mwabwera?" Anali Mapepala, baji ili pachifuwa.

"Ichi n'chiyani?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Nthawi inandithera. Komanso mpendero wa pamanja umandivuta. Koma sizikuonekatu."

"Likhala pachidole pompa?"

"Ayi. Folo koloko alivala mnzanga, ayende nalo pamaso pa oweruza."

"Mwana wa eni ake ayende ndi minga m'miyendo?"

Mapepala anayang'ana wotchi ya pakhoma. Linatsala ola limodzi. "Ndisokereni, amayi. Kwa inu ndi mphindi khumi basi."

A Telala analoza kapepala kamene kanali pansi pa chidole. Kuwerenga sankakudziwa kwenikweni, koma dzina la mwana wawo ankalizindikira. "Apa alemba ine?"

"Ayi."

"Ndiye ine sindisoka."

Anasolola singano pakolala ya bulauzi yawo, pamene inkakhala masiku onse, n'kumupatsa. Aphunzitsi a Mapepala anawalola kupita ndi diresi kuchipinda cha kuseri, kodzaza makatoni. Mtsikanayo anakhala pansi n'kuyamba. Atasoka pang'ono, mayi ake anasolola ulusi wonse.

"Ukukoka ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Tola kaulusi kamodzi ka nsalu, kamodzi kokha, singano isatulukire kunja. Bwereza."

Anabwereza. Anadzibaya kawiri, n'kuyamwa chala kuti magazi asadetse nsalu. A Telala anakhala pa katoni, manja atawapanikiza m'khwapa kuti asalande ntchitoyo. Pofika theka, singano inayamba kuyenda yokha, ndipo kukalipa kunachepa. Mapini ankagwera m'chivindikiro cha botolo limodzilimodzi. Lomaliza linagwa mnzake uja ali kale pakhomo, nsapato zazitali zili m'manja.

Mnzakeyo anayenda bwino, diresi likuwinduka popanda chomukola. Atafika kutsogolo, mmodzi wa oweruza, mayi wa imvi, anadzuka, anawerama n'kupinda m'munsi mwake. Anayendetsa chala pa mpendero, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. A Telala anacheukira mlonda uja.

"Awo simuwaletsa?"

Mlonda anayang'ana kudenga.

Diresi linatenga malo achitatu. Potuluka anadzera m'mbali mwa madzi, sitima ina ikutsitsa katundu. Mapepala anatembenukira mayi ake.

"Loweruka ndifike nthawi yanji?"

"Sikisi. Pali masiketi makumi atatu."

"Ndifika." Anakhosomola pang'ono. "Koma poti lero ndasoka mpendero wonse, sitinganene kuti Loweruka limodzi latha?"

"Lero wasokera dzina lako," anatero a Telala. "Anga akadali anayi. Ndipo singano yangayo bweza."