Gawo Lomaliza la Adalaiva

Wailesi ya apongozi inkayatsidwa nthawi ya nkhani zam'mawa. Tsiku limeneli nkhani zinali za ngozi ya sitima ndi mvula yochedwa, koma m'nyumbamo munalibe womvera. Onse ankadikira 3 koloko.

Wamakina ankasita bulauzi kukhitchini. Dzinali anamupatsa ndi malemu mwamuna wake, chifukwa ku nyumba ya wailesi kumene onse awiri ankagwira ntchito, iye ankakhala kuseri kwa galasi kujambula mawu, mwamunayo ali m'kati kusewera Adalaiva m'sewero la masana. Panali patatha miyezi iwiri chimwalirire, koma Adalaiva ankalankhulabe tsiku ndi tsiku, pakuti masewero amajambulidwa pasadakhale. Gawo lomaliza limene anasiya linali la lero.

"Katundu wamanga?" anafunsa mlamu wake, mlongo wa malemu, manja ali m'chiuno.

"Amayi anati mawu akatha."

"Akutha lero. Usadzigonthetse dala."

Apongozi anali atalamula pamaliro pomwe kuti mawu a mwana wawo akadzaleka kumveka pa wailesi, mkaziyo azipita. Ankakhulupirira kuti Wamakina ndiye ankamuumiriza kujambula ali wodwala, mpaka anakomokera m'situdiyo. Mlamu ndiye ankasonkhezera motowo, poti chipinda chachikulu cha malemu anali atachiyeza kale ndi maso.

Kuntchito ndandanda ya mapulogalamu inayenda monga mwa masiku onse, poti wailesi siidikira wolira. Nkhani, zanyengo, pulogalamu ya alimi, kenako ina yofufuza za moyo wa azamba opuma pantchito. Wamakina ankangosindikiza mabatani, mutu uli kwina. Nkhani zamasana zitatha, abwana anasuzumira pakhomo.

"Adalaiva atsopano tawapeza, ayamba mawa. Ndipo zidutswa zotaya zija zadzaza kompyuta, mayi. Fufutani."

Zidutswa zotaya ndi zija zimadulidwa wosewera akaphonya mawu kapena akatsokomola. Za mwamuna wake Wamakina anali asanafufuteko n'chimodzi chomwe. Malemuwo anadziwa msanga kuti matenda awo sachira, ndipo anamulumbiritsa kuti amayi asauzidwe. Lumbiro limenelo ndi limene linamumezetsa chipongwe miyezi iwiri yathunthu. Wamakina anakopera zidutswazo mu fulashi, n'kupempha kuweruka msanga.

Atafika kunyumba anapeza masutikesi ake ali kale pakhonde. Pabalaza apongozi anali atakumbatira wailesi pamiyendo, sewero lili m'kati. Adalaiva ankakangana ndi kondakitala za tayala lakuphwa, akuseka chiseko chawo chodziwika chija. Mawu awo omaliza sanali akuya ayi: "Tionana mawa ku depoti." Kenako nyimbo yotsekera inalira.

"Watha," anatero apongozi, misozi ikuyenderera. Anatembenukira kwa Wamakina. "Mwana wanga ankalavula magazi, iwe uli pikitipikiti ndi mabatani ako. Unalibe chisoni? Choka, ndisakuonenso!"

"Mwamva, mayi?" mlamu anawonjezera. "Khomo ndi ilo."

Wamakina sanabwerere m'mbuyo. "Amayi, ndinalumbira kuti sindidzanena, ndipo sindinena. Anene okha mwana wanu."

Analowetsa fulashi ija m'wailesi. Munamveka chifuwa cha malemu, chachitali, chong'amba, kenako mawu a Wamakina mwiniwake.

"Bambo, chonde tiyeni kunyumba. Adokotala anati mugone."

"Gawo limodzi lokha."

"Mwanena zomwezo kasanu! Ndikuzimitsa makina."

"Usazimitse, Wamakina. Amayi amadikira 3 koloko. Ine ndikapita adzamvera chiyani? Ndiwasiyireko ya miyezi iwiri, azolowere pang'onopang'ono. Ndipo usawauze. Pukuta misozi, yatsa kagetsi kofiirako tijambule."

Mlamu ndiye anayamba kupeza pakamwa. "Zopanga izi, amayi! Makina ndi ake omwe."

"Tseka pakamwa!" anakalipa apongozi. "Chifuwa cha mwana wanga ndingachisokoneze ine? Ndiwe unkandinong'oneza m'mawa ndi madzulo, iwe!"

Mlamu analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa. Apongozi anatsika pampando, nagwada pansi ndi mawondo awo owawa aja, n'kugwira siketi ya Wamakina.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Lowetsa katundu. Nditsala ndi yani ine?"

Wamakina anawadzutsa bwinobwino n'kuwakhazika pampando. Nayenso ankalira.

"Miyezi iwiri, amayi, kapu yanga mumaiika payokha ngati ya wodwala nthenda yopatsirana. Amuna anga anakomokera m'manja mwangamu, koma simunandifunse ngakhale kamodzi kuti zinali bwanji. Ndakukhululukirani, koma muno sindingagonenso."

Anasiya fulashi ija m'wailesi momwemo. Ananyamula masutikesi ake yekha, ndipo chitseko anachitseka mwaulemu.

M'mawa mwake apongozi anamvera nkhani, zanyengo ndi za alimi monga mwa chizolowezi. Itakwana 3 koloko, kondakitala anaitana Adalaiva, ndipo anayankha ndi munthu wachilendo wa mawu opyapyala. Apongozi sanapirire. Anasinthira ku fulashi ija n'kumvera zidutswa zonse, chimodzichimodzi, akusakasaka mwana wawo. Anamupezamo pang'ono chabe, pakati pa kutsokomola. Mawu ochuluka m'menemo anali a mkazi amene anamuthamangitsa uja, akumuchonderera kuti apite kunyumba akapume.