Chomwe Chinathyola Bulaketi ya Nambala Puleti

Lachitatu lina m'mawa, m'mwezi wa Novembala, a Simeoni Mulepa ankalowa pang'onopang'ono ndi galimoto yawo pa geti ya esiteti ya tiyi yomwe amagwirako ntchito ku Thyolo. Mwadzidzidzi nambala puleti yakutsogolo inagwa pansi pamodzi ndi chitsulo chomwe chinkaigwira. Galimotoyo sinagunde kanthu. Mabawuti onse anayi anali omangika bwinobwino. Chitsulocho chinali chokhuthala moti munthu sakanachipinda ndi manja, ndipo chinali chitapirira misewu yokumbika ya ku Kapichi kwa miyezi inayi. Nanga chinathyoka bwanji pamalo osalala chotere? Ena anati ndi msewu, ena anati chitsulocho chinali chachabechabe. Onsewa analakwitsa, ndipo nkhaniyi ikuonetsani chomwe chinachithyola.

Banja la a Mulepa linali lamtendere. A Simeoni anagwira ntchito ya ufita, yokonza ndi kulumikiza makina, mu wekishopu ya esiteti kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, osalandirako ngakhale kalata imodzi ya chenjezo. Akazi awo, mayi Tabita, anali namwino pa chipatala cha mishoni. Ankakhala m'nyumba ya kampani yomwe kuseri kwake anabzalako nthochi ndi mapeyala, ndipo Lachisanu lililonse dzuwa likamalowa ankatsegulira Sabata pakhonde ndi nyimbo. Mwana wawo Caleb, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anali atakhoza bwino Fomu 4, ndipo esiteti inali itamulonjeza malo ophunzirira ufita mu Januwale. Anali ndi manja aluso. Mawailesi ndi masimbi a anthu oyandikana nawo ankakonza ndiye. Vuto lake linali limodzi: kudikira kunkamuwawa, ndipo ankafuna kuyamikiridwa lero lomwe.

Mu Julayi makolo ake anagula galimoto yakale yochokera ku Japan. Apa pakufunika kufotokoza pang'ono. Nambala puleti za kumeneko zimakhala zazifupi koma zotambalala, pamene zathu ndi zazitali ndiponso zopyapyala. Choncho mabowo a pa bampala sagwirizana ndi a puleti yathu. Ambiri amangomangirira ndi waya, ena amaboola pulasitiki ya bampala, yomwe pambuyo pake imang'aluka. Njira yabwino ndi yopanga bulaketi, ndiko kuti chitsulo chopindidwa ngati ngodya ya khoma: mbali yaifupi imamangidwa kunsi kwa bampala, mbali yaikulu imatsikira pansi n'kunyamula puletiyo.

A Simeoni anauza mwana wawo kuti adikire masabata awiri. Julayi ndi nyengo yomwe tiyi amachepa m'minda, ndiye amisiri amaphwasula makina a m'fakitale, ndipo iwo ankagwira ntchito ngakhale Lamulungu.

"Tikamaliza makina tidzapita ku Luchenza kukagula chitsulo, tidzapanga limodzi," anatero. "Pali kapindidwe kake komwe ndikufuna udzaone ndi maso."

M'sabata yomweyo esiteti inalengeza kuti zitsulo zikubedwa kwambiri, ndipo wantchito aliyense wopezeka ndi chitsulo cha kampani pakhomo pake adzachotsedwa ntchito ndi kutuluka m'nyumba. A Simeoni anabwereza chilengezocho pa nthawi ya chakudya, nawonjezera kuti ngakhale msomali wopindika wa kampani usalowe pakhomopo.

Caleb anakadandaulira mnzake Stewart, yemwe anaphunzira naye kusekondale ndipo tsopano ankayendetsa kabaza wa njinga yamoto ku Luchenza. Stewart anaseka.

"Aise, iwe ndi injiniya kapena khanda lodikira phala? Galimoto ikhale pansi pa mpeyala masabata awiri ngati khola la nkhuku? Zikwangwani zili mbwee m'minda umu."

Caleb anayankha kuti zimenezo ndi za kampani.

"Tiyi sawerenga, aise. Amaphuka ngakhale osadziwa nambala yake."

Zikwangwani zomwe Stewart ankanena ndi za aluminiyamu, zomangidwa pa mzati pangodya ya munda uliwonse. Pamakhala nambala ya munda ndi chaka chomwe tiyiyo anabzalidwa, ndipo akapitawo amadalira zimenezi pogawa othyola tiyi ndi pothira feteleza. Zilembo zake si zolemba ndi penti chabe. Ndi zodinda ndi nyundo. Ndipo amene anazidinda zaka zapitazo anali a Simeoni omwe.

Pa Sabata, mapemphero am'mawa atatha, Caleb anati mutu ukumupweteka ndipo sabwereranso ku tchalitchi masana. Mayi ake anamugwira pamphumi.

"Thupi silikutentha," anatero mayi Tabita. "Ngati chikukupweteka ndi china, mwanawe, unene."

Caleb anayang'ana pansi. Makolo ake atachoka, anatenga sipanala ndi thumba. Kunali chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ija yomwe imaphimba minda moti munthu saona mnzake ali pamtunda wa mapazi makumi awiri. Anafika pa Munda 17, namasula chikwangwani, nabwerera osakumana ndi munthu. Masana amodzi okhawo ananama, anaswa Sabata, ndiponso anaba.

Lamulungu, bambo ake ali ku fakitale, anayamba ntchito kuseri kwa nyumba, ndipo tisamunamizire: mbali yaikulu anaigwira mwaluso. Anayamba wajambula pa katoni, nayesa pa bampala kufikira mabowo atagwirizana. Kenako anadula chitsulo ndi sowo, nasalaza m'mphepete ndi tupa, naboola mabowo anayi. Pomaliza anachipana mu vayisi, chida chopanira zitsulo, n'kuchimenya ndi nyundo mpaka chinapindika ngodya yakuthwa, yooneka bwino zedi.

Atachikweza pa dzuwa anaona kamzere kotuwa kunja kwa popindapo, kokhala ndi timing'alu tating'ono ngati tsitsi. Mtima unamuuza kuti afunse bambo ake. Koma akanawaonetsa bwanji? Akanangochitembenuza, akanawerenga zilembo za manja awo omwe. Choncho anapaka penti yakuda mothamanga, mbali ya zilembo nailozetsa ku injini kumene palibe amene amasuzumirako, namanga mabawuti.

A Simeoni atafika madzulo anakondwera. Ananjuta kutsogolo kwa galimoto, nayamikira kuti puleti yakhala mowongoka, nafunsa komwe chitsulo chachokera. Caleb anati Stewart anamupezera kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Luchenza. Iwo anamupempha kuti amasule aone popindapo. Iye anati penti sinaume, adzamasula mawa. Mawa lake anati sipanala wabwereketsa.

"Ntchito yokana kuyang'aniridwa imandiopsa," anatero a Simeoni. Koma ankamukhulupirira mwana wawo, ndipo makina a fakitale anawatangwanitsa mpaka anaiwala.

Miyezi inayi yotsatira inali yokoma. Galimoto inawatengera ku msonkhano wa misasa, ku Nchilamwela kukaona achibale, ndi ku Kapichi kukagula nthochi zobzala. Anthu pa tchalitchi ankagogoda bulaketiyo ndi chala n'kumati mwana wa a Mulepa waposa bambo ake. Caleb ankamwetulira. Kungoti galimoto ikamadutsa pa Munda 17, pomwe mzati unali chilili wopanda kanthu, iye ankayang'ana mbali ina.

Nthawi yonseyi chitsulo chinkagwira ntchito yake mwakachetechete. Tengani waya, mumupinde uku ndi uku pamalo amodzi: sathyoka ulendo woyamba kapena wachisanu, koma pomaliza amaduka popanda mphamvu yambiri. Puleti ya galimoto imagwedezeka kambirimbiri pa kilomita iliyonse, ndipo kugwedezeka konseko kumasonkhana popindapo. Ngati pali kamng'alu, kamakula pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Nayo penti, ikapakidwa pa aluminiyamu wosakwechedwa ndiponso wopanda penti yoyambira, simata. Mvula yoyamba ya Novembala inaisupula ngati khungu la nthochi.

Tafika tsopano pa geti paja. A Happy, mkulu wa alonda, anatola puleti ija akuseka, kuti awapatse a Simeoni. Ataitembenuza, kuseka kunatha. Pa chitsulo chomwe chinali kumbuyo kwa puletiyo panali podindidwa bwinobwino kuti MUNDA 17.

"A Mulepa, ichi mukuchidziwa?"

A Simeoni anachiyang'ana nthawi yaitali. "Zilembozi ndinadinda ndine," anatero. "Koma pa mzati sindinachichotse ndine." A Happy anafunsa kuti nanga ndani. A Simeoni anakana kutchula dzina.

Tsiku lomwelo anaimitsidwa ntchito, nauzidwa kuti mlandu wawo udzamvedwa Lachisanu m'mawa. Anafika kunyumba dzuwa lili pamutu, chinthu chomwe sichinachitikepo. Anafotokozera akazi awo zonse Caleb akumva, ndipo sanamuloze chala kapena kumukalipira. Anangoti mwina ayambe kufunsa za nyumba ya lendi ku Luchenza. Mayi Tabita anamuyang'ana mwana wawo, nati, "Mutu wa pa Sabata uja unapola?"

Lachinayi Caleb anathamangira kwa Stewart. Stewart anamulangiza kuti akhale chete, poti akuluakulu amadziwa kudzitchinjiriza okha, ndipo anawonjezera kuti dzina lake lisatchulidwe chifukwa iye sanagwireko sipanala. Atatero analiza njinga yake n'kunyamuka ndi kasitomala. Caleb anatsala yekha pa siteji. Apo ndi pomwe anazindikira kuti bambo ake anali okonzeka kutaya ntchito ya zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndi nyumba yomwe, kuti iye asalowe m'manja mwa apolisi.

Lachisanu anafika ku ofesi mlandu usanayambe. Pamaso pa manijala, a Happy ndi bambo ake, ananena zonse: za mutu wonamizira, za chiperoni, za sipanala. Manijala anakayikira kuti mwina mwana akungofuna kupulumutsa kholo lake, choncho anaitanitsa mkulu wa wekishopu kuti aone chitsulocho. Mkuluyo anayendetsa chala pothyokapo, napukusa mutu. Anati fita aliyense wa pa esiteti amadziwa kuti aluminiyamu wokhuthala chotere sapindidwa ngodya yakuthwa, ndipo a Mulepa sakanapinda motero ngakhale atatseka maso.

A Simeoni anabwerera pa ntchito, koma ndi kalata yawo yoyamba ya chenjezo. Caleb sanaperekedwe ku polisi. Esiteti inamulamula kuti kwa mwezi wathunthu ayende m'minda yonse kupala ndi kupenta mizati ya zikwangwani, alonda akumuyang'anira, othyola tiyi akumuona. Malo ake ophunzirira ufita anapatsidwa kwa wina. Pa Sabata anaimirira pamaso pa mpingo n'kupepesa, ndipo makolo ake anamukhululukira.

Lamulungu lotsatira bambo ndi mwana anapita ku Luchenza, nagula chitsulo, nabwerera kuseri kwa nyumba. A Simeoni anapana chitsulocho mu vayisi pamodzi ndi paipi yaing'ono, namuonetsa kuchipinda pang'onopang'ono mozungulira paipiyo kuti ngodya ikhale yobulungira. Pamenepo kugwedezeka kumagawanika, sikusonkhana pa mzere umodzi. Anadula timphira ta chubu chakale n'kuika pansi pa mabawuti, anakwecha chitsulo, napaka penti yoyambira, nadikira kuti iume. Phunziro lonse la kapindidwe linatenga mphindi zosakwana zisanu. Bulaketi imeneyo ilipo mpaka lero, ndipo Caleb, yemwe tsopano akuphunzira zamakina pa sukulu ina ya ntchito zamanja, amaimasula mosangalala kwa aliyense wofuna kuiona.

Achinyamata, chenjerani ndi ntchito iliyonse yomwe simungathe kuionetsa kwa makolo anu, pakuti tchimo limayamba lakutsekerani khomo la malangizo lisanakugwetseni. Yankho la funso lathu lija ndi ili: bulaketi sinathyoke chifukwa cha msewu, kapena chifukwa chitsulo chinali chofooka. Inathyoka chifukwa inapindidwa ngodya yakuthwa. Inapindidwa motero chifukwa Caleb sanafunse bambo ake. Ndipo sanawafunse chifukwa chitsulocho chinali chakuba.