Dzenje Loyeza ndi Mlamu

Loweruka limenelo linayamba bwinobwino. Gulu lokwera mapiri la pa Ntcheu Boma linapita kuphiri lina kuseri kwa Nsipe kukagwira ntchito yongodzipereka, yokumba maenje okolola madzi a mvula, poti madzi otsika m'phirimo anali atayamba kukokolola minda ya anthu. Wotsogolera anali Maynard, munthu wa nthabwala zosatha, uja woseketsa anthu ndi pasiwa pomwe.

Tepi yoyezera anaiiwala kunyumba. Ndiye anaitana Fabiano, mwamuna wa mlongo wake.

"Alamu, tagonani apa. Inu ndinu mita ndi theka ndendende."

Fabiano anagona chagada, Maynard n'kulemba mzere ndi khasu kumutu ndi kumiyendo. Anthu kufa nako kuseka. Anakumba mpaka dzenje linafika m'chiuno.

Mayi Dailes, eni munda wa m'munsi mwake, anadutsa atasenza nkhuni. Iwo sanaseke.

"Mwayeza dzenje ndi munthu wamoyo? Ana inu! Lotero siligona lopanda kanthu. Ponyanimo thunthu la nthochi, mukwirire dzuwa lisanalowe."

"Mawa, mayi," anatero Maynard. Mawa lake liti! Pamenepo n'kuti akutsinzinira anzake diso.

Madzulo anzawo anatsika. Maynard ndi Fabiano anatsala m'katenti kamodzi kulondera makasu ndi mbande za mitengo zoti adzale mawa lake.

Pakati pa usiku Maynard anadzidzimuka. Kunja kunali zii, ngakhale kachirombo kolira kunalibe. Kenako anamva mapazi. Gu. Gu. Majombo olemera, oyenda mosafulumira. Kuwala kunayenda pansalu ya tenti, kochokera m'mwamba, ngati nyale ya pachipumi ija ankavala azigogo athu m'migodi ya ku Joni.

"Odi kuno."

Mawu a bambo wachikulire, aulemu wake. Maynard anagwedeza Fabiano kuti adzuke. Mayo! Thupi linali zizirire ngati mwala wa mumtsinje. Kupuma kunalipo, koma kwapatalipatali.

"Odi," anabwereza mawuwo. "Tadzatenga mwini wa nyumba mwakumba ija. Mwatiyezera kale. Ali momwemo?"

Mantha anamugwira Maynard. Anaganiza za mlongo wake Christobel, woyembekezera, mwezi wake uli womwewo. Akamuuza chiyani? Kuti amuna ako ndawapha ndi nthabwala? Anagwira Fabiano pachifuwa. Mtima unkagunda kamodzi, n'kudikira, n'kudikira.

"Dzenjelo si lawo," anatero Maynard. "Ndakumba ndine. Ndi langa."

Mawu aja anayankha kunjako.

"Mwanena nokha, bambo."

Majombo aja anatembenuka. Posakhalitsa kumtunda kunayamba kumveka khasu. Kha! Kha! Kukumba kwa munthu woidziwa ntchito, osapumira. Pambali pake Fabiano anakoka mpweya wautali, n'kuyamba nkonono. Maynard anangokhala tsonga, misozi ili chuchuchu, kumvetsera khasulo mpaka atambala.

Kutacha Fabiano anadzuka wamphumphu, akudandaula za njala. Atakwera kukaona dzenje, anapeza latalika. Kumiyendo kunali dothi lanyowani, m'mbali mosalala bwino, koma makasu awo onse ali chimangire pamtolo.

"Aa, wawonjezera ndani?" anaseka Fabiano. "Ili ndiye likukwanani inuyo, alamu, ndi kutalika kwanuko."

Mayi Dailes anafika akupita kumunda. Anayang'ana dzenje, anayang'ana Maynard, n'kutsitsa mawu. Anati paphiri pamenepo m'pamene makolo ankaika maliro a amuna ofera m'migodi, amene mitembo yawo sinabwere. Manda alipo, eni ake mulibe. Ndiye eni akewo amayendayenda, ndipo kukumba ndiyo inali ntchito yawo.

"Tikwirire tsopano?" anafunsa Maynard.

"Kukwirira kwirirani, mwana wanga. Koma dzulo dzenje ili linali longoyeza. Lero mwini wake wavomera ndi pakamwa pake."

Fabiano anasiya kuseka.

"Wavomera ndani, alamu?"

Maynard anatola khasu n'kuyamba kukankhira dothi. Fabiano amafunsabe mpaka lero, ndipo sanayankhidwe.