Wogwira Phiko

"Ndakuuza kuti likununkha."

"Chilichonse chakale chimanunkha. A Merle amanunkha, koma akuulukabe."

"Usandiseke. Phiko lija ndinalinyamula ndine dzulo, mphuno yanga inali pomwepo. Likununkha chuku. Ndinagogoda pafupi ndi tsinde, likumveka ngati dzungu lowola. Ndipo muli kanthu kakugubuduzika m'katimo."

"Mbewa inasiyamo mtedza."

"Ndiye mbewayo inalowera pati?"

Garrett Okerlund anali atakhala pa bedi m'kalavani yawo, akumanga zingwe za nsapato zomwe anali atamanga kale. Mkazi wake Noelle ankayendayenda pakati pa sitovu ndi khomo, ngakhale m'kalavani mulibe poyenda. Panja, pabwalo la udzu, anthu anali atayamba kukankha ndege zawo kupita pamzere. Linali tsiku lomaliza la msonkhano wathu wa pachaka kumwera kwa Alberta, ndipo mphepo yochokera kumapiri inali yabwino moti munthu aliyense woulutsa ndege yopanda injini ankalephera kukhala pansi.

"A Merle anaiyendera ndege ya bamboyo," anatero Garrett, kunena za nkhalamba imene inkayendera ndege zonse za kalabu yathu.

"Anaisisita. Ndinalipo. Anaizungulira kamodzi misozi ili chuchuchu, n'kunena kuti Vern ankadziwa kupala matabwa. Kuyendera kumeneko?"

Chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Mayi Darlene, amayi ake a Garrett, ankagogoda pazitseko za anthu ena onse, kupatula cha mwana wawo. Analowa atapanira chitini cha khofi pachifuwa. M'chitinimo munali phulusa la amuna awo, a Vern, amene anamwalira zaka ziwiri zapitazo atasiya mawu akuti awaike m'chitini chomwe ankasungiramo misomali, ndipo mwana wawo akawamwaze pamwamba pa phiri kuchokera m'ndege yawo.

Ndegeyo inali yamatabwa ndi nsalu, yachikasu, ya mpando umodzi. A Vern anaikonza ndi manja awo ali mnyamata, ndipo ankathera nayo nthawi yambiri mwakuti pabwalo ponse tinkaitcha Chibwenzi. Mayi Darlene ankadana nalo dzinalo amuna awo ali moyo. Atamwalira, anayamba kulitchula okha.

"Ndamva mawu ndili panja," anatero. "Tayambanso za fungo?"

"Amayi, ndikungopempha chinthu chimodzi," anatero Noelle. "Tiboole nsalu pang'ono pansi pa phiko, tisuzumire ndi tochi. Guluu wakale akalowa chinyezi amasiya kugwira, kunja osaoneka kanthu. Tikapeza zili bwino, ndimata ndekha, ndipepesa pamaso pa aliyense."

"Uboole Chibwenzi cha Vern. Pa tsiku lake."

"Kabowo ngati ka batani."

"Iwe unakwatiwa ndi mwana wanga, sunakwatiwe ndi ndege. Wabwera dzana dzanali ndi ndege yako yapulasitiki yonyezimira, ukufuna utiphunzitse matabwa?"

"Nanga ndowa zija zinali za chiyani?"

Mayi Darlene anasuntha chitini kuchoka mkono wina kupita wina.

Nkhani ya ndowa inali yotere. A Vern atamwalira, Noelle anapempha kuti ndegeyo ikasungidwe m'nyumba ya ndege ya kalabu, mouma. Apongozi ake anakana poyera, pachakudya cha maliro, nati ndege ya amuna awo siidzagona kwa eni. Anaitsekera m'shedi kufamu kwawo, kiyi n'kumayenda naye m'chikwama. Tsiku lokaitenga, Noelle anaona ndowa zili pamzere m'mbali mwa khoma, ndi lona yatsopano itapindidwa pakona. Atafunsa, anauzidwa kuti n'za nkhuku. Pafamupo nkhuku yomaliza inadyedwa Garrett ali kusekondale.

"Ndinakuyankha kale," anatero mayi Darlene.

"Denga lija likudontha, amayi."

"Garrett, ukumumva mkazi wako? Akuti ndine wabodza. Akuti ndikufuna kupha mwana amene ndinamubereka ndekha."

"Sanatero, amayi."

"Watero. Bambo ako akhala m'chitini zaka ziwiri kudikira kuti iwe uzolowere kuuluka wekha. Anthu abwera kuchokera ku Saskatchewan, ena ku Montana. Ngati ukuopa, nena, ndikawauze kuti mwana wa Vern wamuletsa mkazi wake."

Anaika chitini patebulo, natuluka. Chitseko cha kalavani n'chopepuka, sichimenyeka bwino, koma iwo anayesetsa, mpaka makapu analira pashelefu.

Garrett anakhala akuyang'ana chitinicho. "Ndivala parachuti," anatero.

"Phiko likathothoka ndege ikungonyamuka, parachuti ndi bulangeti chabe. Ukudziwa."

"Noelle, ndi bambo anga."

"Bambo ako afa kale. Akhoza kukwera ndege ina iliyonse, sadandaula. Tenga yanga."

"Anati Chibwenzi."

Noelle anakhala pansi, nadzukanso. Misozi inatsika, iye n'kuipukuta ndi mkono mwaukali ngati yamulakwira.

"Ndigwirire phiko," anatero Garrett chapansipansi. "Amayi ankagwirira bambo nthawi zonse. Ukakana, aliyense aona. Ndipo ine sindikudziwa kuti tidzalankhula chiyani m'galimoto pobwerera."

Noelle anapukutanso maso. "Chabwino," anatero. "Ndigwira."

Garrett anapumira m'mwamba. Akanakhala munthu wokonda kufunsa chifukwa chimene chinthu chovuta chaphwekera mwadzidzidzi, akanada nkhawa.

M'mawa wonsewo Noelle sanakhazikike. Anapita kwa a Merle, anawapeza akutembenuza zitumbuwa zam'mawa pachiwaya, ndipo iwo anamuuza kuti matabwa ali ngati anthu, amadandaula koma amapirira, kenako anamupatsa mbale. Anapita kwa mkulu wa kalabu, amene anati iye sangatsutse zomwe a Merle aona, komanso nkhani za m'banja sazilowerera. Wina aliyense amene Noelle anamuyandikira anapeza mwadzidzidzi kuti kumwamba kuli mtambo wofunika kuuyang'anitsitsa. Ife oulutsa ndege timadzitama kuti sitibisirana vuto. Tikamatero timanena za ndege za anthu amoyo.

Dzuwa litakwera, Chibwenzi chinakankhidwira kutsogolo kwa mzere. Anthu onse anasiya ndege zawo, naima m'mbali, zipewa zili m'manja. Garrett analowa, anzake anamumanga malamba, chitini chili pakati pa maondo. Anatseka chivindikiro chagalasi, nasiya kazenera kam'mbali kotsegula. Chingwe chinakoledwa pamphuno pa ndegeyo, ndipo ndege yokoka inayenda pang'onopang'ono mpaka chingwe chinakungika.

Ndege yopanda injini ili ndi tayala limodzi, choncho ikaima imagoneka phiko limodzi pansi. Kuti inyamuke pamafunika munthu wogwira nsonga ya phikolo, alikweze, athamange nalo. Woyendetsa ndege yokoka sayang'ana nkhope ya munthu. Amayang'ana phiko pagalasi lake: likakwera amapita, likakhala pansi amadikira. Ndipo pabwalo pathu, phiko sililandidwa. Amene waligwira ndi mwini wake kufikira atalipereka yekha.

Noelle anawerama, nagwira nsonga yachikasu. Garrett anakweza chala chachikulu kusonyeza kuti wakonzeka.

Phiko linakhalabe pansi.

Injini ya ndege yokoka inapitiriza kulira. Garrett anakwezanso chala, ulendo uno m'mwamba kwambiri, ngati kuti mkazi wake ali ndi vuto la maso.

"Noelle," anaitana pakazenera. "Kweza."

"Ayi."

"Unalonjeza."

"Ndinalonjeza kugwira. Ndagwira."

Wina kumbuyo anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. Mnyamata wa ku Montana anayamba kuyandikira kuti athandize, koma a Merle anamugwira malaya. Mayi Darlene anadutsa pakati pa anthu, nkhope itafiira.

"Choka pamenepo. Watichititsa manyazi mokwanira. Apatse ena phikolo."

"Ena ayi, amayi. Ndipereka kwa inu nokha."

"Ukuganiza kuti ndilephera? Ndagwira phiko limeneli iwe usanabadwe."

"N'chifukwa chake. Palibe amene akulidziwa kuposa inu. Palibenso wina amene akudziwa komwe lagona zaka ziwirizi. Bwerani. Mukalikweza, ine sindinenanso kanthu, lero kapena mawa."

Noelle anachotsa dzanja, nabwerera m'mbuyo. Anapinda manja. Anali ataika mwamuna wake m'manja mwa munthu amene sanamukhulupirirepo chibwerere m'banjali, ndipo analibe njira ina yotsala.

Mayi Darlene anawerama monga ankachitira kale, bondo limodzi patsogolo. Anagwira nsonga. Anayang'ana kumwamba ngati kuli ndege ina ikutera, anayang'ana kumbuyo, anayang'ana chingwe, zonse m'dongosolo lake. Chinatsala n'kukweza basi. Kenako anayang'ana m'chivindikiro chagalasi chija, momwe kwa zaka zambiri ankaonamo chipewa cha amuna awo. Munali mwana wawo, chala chili m'mwamba, akuwamwetulira ngati mwana amene akudikira kukankhidwa pa katungwe.

Phiko linakwera pang'ono, kusiya udzu. M'katimo kanthu kaja kanagubuduzika, kuchokera kunsonga kutsikira kutsinde, ndipo amene tinali pafupi tinakamva. Injini ya kutsogolo inayamba kukweza mawu.

Mayi Darlene analibwezera pansi mwamphamvu, nagwada, n'kulitsamira ndi manja onse awiri.

"Masula chingwe," anatero. "Garrett, masula chingwe."

Garrett anakoka chomasulira, chingwe chinagwa pa udzu. Woyendetsa ndege yokoka anazimitsa injini, ndipo pabwalo panangotsala mphepo ndi kulira kwa mayi Darlene.

"Ndinaipukuta," ankatero, osayang'ana munthu. "Chipale chitasungunuka ndinapeza madzi ali pamwamba pa phiko. Ndinapukuta ndi matawulo, ndinayatsa hita sabata yonse, ndinagula lona. Inauma. Ndinaigwira ndekha, inali youma. Chaka chinacho zinachitikanso, ndinapukutanso. Vern anandiuza za denga lija asanadwale, ine ndinati tidzakonza. Ndikananena bwanji? Nditakana pamaso pa anthu onse, ndibwere kwa mtsikanayu ndidzati unkanena zoona?"

A Merle anavala chipewa, anachivulanso. Kenako anatulutsa kampeni m'thumba, nagwada pansi pa phiko pafupi ndi tsinde. Palibe anawaletsa. Anacheka nsalu pang'ono, nalowetsa zala ziwiri. Zimene anatulutsa anazionetsa pachikhatho: kathabwa kopyapyala kakuda, kamene kanachoka popanda kukokedwa, guluu wake atasanduka ufa. Anakatseka m'dzanja, osanena kanthu za mmene Vern ankapalira matabwa.

Garrett anatsegula chivindikiro. Malamba anamuvuta kumasula, ndipo Noelle ndi amene anapita kukamuthandiza. Sanamuuze kuti ndinanena. Anangomasula, namugwira pamkono potuluka, ndipo Garrett sanachotse mkonowo. Anaima chitini chili m'manja, akuyang'ana phiri komwe bambo ake ankayenera kukhala atafika kale.

"Yanga ili pamzere," anatero Noelle chapansipansi. "Mphepo ikadalipo."

Garrett anagwedeza mutu kuvomera, koma sanasunthe. Anamupatsira mkazi wake chitini chija, chimene mayi Darlene anali asanalolepo kuti Noelle achikhudze, ndipo iye anachilandira ndi manja awiri. Kenako Garrett anayenda m'mbali mwa phiko lonse mpaka kunsonga, komwe amayi ake anali chigwadire. Anthu anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"Mwana wanga," anatero mayi Darlene, akutambasula dzanja. "Ndalibweza. Waona, ndalibweza pansi."

"Ndaona."

Sanalandire dzanjalo. Anayang'ana Noelle, anayang'ana bowo limene a Merle anacheka, nayang'ananso amayi ake.

"Amayi, akanagwira phikoli munthu wina, inu mukanangoima apo n'kumandibayibitsa?"