Milomo ya M'chipinda Chopesera Ubweya

Kapitawo anamupezanso Namaloto masiki ili m'khosi, kachitatu sabata imodzi.

"Iwe, masikiyo wayesa mkanda?" anakuwa kapitawoyo, koma mawu ake anamira m'phokoso la makina.

Namaloto anali atangotha miyezi inayi akugwira ntchito pafakitale, m'chipinda chopesera ubweya wa nkhosa. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa ankakonda kungoti kakasi, maso ali kudenga. Dzuwa likalowa pamazenera a m'mwamba, fumbi la ubweya linkayandama pang'onopang'ono, loyera, lofewa, iye n'kumadziona akuyenda m'mitambo. Linkamutera m'nsidze, m'tsitsi, ngakhale palilime, mwana wa eni ake akungomwetulira.

M'chipindamo munthu sankamva mnzake, choncho anthu ankacheza powerengana milomo. Miseche, nthabwala, ngakhale zachikondi, zonse zinkadutsa pamwamba pa makina popanda liwu. Nanga milomo yophimbidwa ungaiwerenge bwanji? N'chifukwa chake masiki zinkathera m'khosi. Anamuphunzitsa lusoli ndi azakhali ake, omwe anagwira ntchito pamakina omwewo zaka makumi awiri, ndipo ankatha kugwetsa munthu ndi phwete ali kutsidya kwa chipinda. Namaloto analikonda lusoli koposa, makamaka makaniko wina wamtali atayamba kumufunsa ndi milomo ngati wadya.

Azakhaliwo anali atasiya ntchito chifukwa cha chifuwa. Loweruka masana Namaloto anapita kukawazonda, nkhani za makaniko zikumuyabwa pakamwa.

Anawapeza pabedi atatsamira mapilo atatu. M'nyumba munali zii. Chinkamveka ndi kalikhweru kochokera m'chifuwa mwawo basi.

"Azakhali, mwaswera bwanji? Adokotala akuti chiyani?"

"Akuti fumbi lija linawononga njira za mpweya," anayankha amuna awo ali pakhomo. "Mankhwala angochepetsa, koma kubwerera mwakale ayi."

Azakhali anayesa kulankhula, mawu n'kuthera m'befu. Anamukodola kuti asendere, kenaka anayendetsa milomo yokha.

"Kuntchito kuli bwanji, mwana wa achimwene?"

Namaloto anawerenga mosavuta, ndipo mantha anamugwira. Munalibe makina m'nyumbamo, munalibe phokoso loti n'kumiza mawu a munthu. Mpweya wotulutsira mawuwo ndi umene unasowa.

"Umatsokomola m'mawa?" milomoyo inafunsanso.

Anafuna kukana, koma anapezeka wavomera ndi mutu. Azakhali anatseka maso, misozi n'kutsikira m'makutu. Za makaniko zija Namaloto sanazitchule n'komwe tsiku limenelo.

Lolemba dzuwa linalowanso pamazenera, fumbi likuyandama mokongola ngati kale. Namaloto anamanga masiki yake zolimba, mpaka zingwe zinamudinda m'masaya. Makaniko uja anamudikira m'mawa wonse, kenaka anatsitsa masiki yake.

"Wandikwiyira?" inafunsa milomo yake.

Namaloto anaimitsa makina, n'kudutsa chipinda chonse anthu akumuyang'ana. Atafika anakweza masiki ya makanikoyo ndi manja ake awiri, anaitsina pamphuno kuti igwire bwino, ndipo anabwerera pantchito yake.